Tizipewa timene ndinafufuta

Kabuku kanali ka amalume anga a ku Mandimba, ndipo amene anakawononga ndine. Anthu a kumpingo kwawo anandithokoza kwambiri, ena mpaka kundigwira dzanja ndi manja awiri, osadziwa kuti mapepala amene ndinawatayipira aja sanali zimene zinali m'kabukumo.

Ndili ndi kashopu ku Cuamba, kuno ku Mozambique, chakufupi ndi siteshoni ya sitima. Ndimachita fotokope, ndimatayipa makalata ofunsira ntchito, ndimajambula zithunzi za paziphaso. Zambiri zimene zimadutsa m'manja mwanga ndi za Chipwitikizi, koma anthu amadziwa kuti Chichewa ndimalembanso, poti nthawi ya nkhondo tinathawira ku Malawi kudzera pa Chiponde, ndipo sukulu ndinayambira m'boma la Mangochi. Tinabwerera kuno atasainirana za mtendere ku Rome mu 1992. Choncho Chichewa changa cholemba ndi cha aphunzitsi a kutsidyako, chotsata malamulo a bungwe la Chichewa Board, limene linakhazikitsidwa mu 1972 n'kutulutsa malamulo a kalembedwe mu 1973, n'kudzawakonzanso mu 1980 ndi mu 1990. Ine ndinkangoti kalembedwe koona ndi komweko basi, kena kalikonse n'kulakwitsa.

Amalume anabwera pa minibasi nyengo ya dzinja itayandikira. Kabukuko anakakulunga m'kansalu, kansaluko m'jumbo, jumboyo m'thumba la mkati la jekete. Bambo awo ndiwo anabwera nako kuchokera ku Nyasaland kumene ankagwira ntchito m'minda ya tiyi ku Mulanje. Nkhondo yonse ija kanaithera m'chitini chokwiriridwa kuseri kwa nkhokwe. Chikuto chinatha kalekale, tsamba loyamba nalonso kulibe. Kutsogolo kunali mafunso ndi mayankho ophunzitsira a m'kalasi, kumapeto kunali tinkhani ndi malangizo a m'banja ndi a kumunda. Mapepala anali ofiirira, a madonthomadontho, osokedwa ndi ulusi pamsana.

"Mphwanga, maso anga atha," anatero. "Undilembere pamakina akowo monga momwe kalili, kuti ana a m'kalasi aliyense akhale ndi kake."

"Musadandaule amalume, imeneyi ndi ntchito yochepa."

Mawu oti "monga momwe kalili" ndinawamva ndithu. Sindinganame kuti anandidutsa.

Kabukuko sikankagona bwino pa sikana, mawu a chakumsana ankatuluka okhota. Ndinatenga lezala n'kudula ulusi uja kuti tsamba lililonse ligone palokha, mumtima ndikuti ndidzasokanso ndikamaliza. Zithunzi zitatuluka, madontho aja ankaoneka kwambiri kuposa pa pepala, ndiye ndinauza kompyuta kuti ichotse timadontho tonse ting'onoting'ono. Masamba anayera mbee, ine n'kusangalala. Sindinaone kuti pamodzi ndi zitosi za mphemvu ndi dzimbiri la m'chitini, panapitanso tizipewa tambiri timene tinali pamwamba pa chilembo cha w.

Chilembo cha ŵ sichinali chachilendo kwa ine. Ndinkachiona pa ndalama za ku Malawi nthawi ya a Kamuzu Banda, m'dzina la dziko lenilenilo, Malaŵi. Koma ndinkachitenga ngati chokometsera chabe, ndipo nyuzipepala zimene ndimawerenga masiku ano sizichilemba. Ndiye pamene ndinaona tizipewa tina titatsalira apa ndi apo, ndinayesa kaye kutilemba. Kiyibodi yanga ndi ya Chipwitikizi, ili ndi batani la kachipewa lolembera â, ê ndi ô. Ndikalidina n'kudina w, kachipewa kankakhala pakokha, w payekha. Ndinangoti zisanditayitse nthawi, ndani amawerenga zimenezi. Pulogalamu yosandutsa zithunzi kukhala mawu nayonso ndinaisiya pa Chipwitikizi, ndipo ikakumana ndi ŵ inkalemba zachilendo, pena vv, pena û. Zonsezo ndinazisandutsa w wamba.

Kenaka ndinafika pa c. Kabukuko kankalemba cifukwa, cakudya, kucita. Ndinaona ngati ndi umbuli wa osindikiza akale, ndipo ndinauza kompyuta kuti paliponse pali c iikepo ch, kamodzi n'kamodzi, buku lonse. Posakhalitsa ndinayamba kuona mawu ngati nchhito ndi anamuchha. Apa mpamene ndinayenera kuima n'kudzifunsa kuti, ngati anthuwa sankadziwa ch, nanga h woyambayo anachokera kuti? Sindinadzifunse. Ndinangouzanso kompyuta kuti chh yense akhale ch. Mawu ena opendekera amene ndinkawaona mwa apo ndi apo ndinawawongola kuti tsamba lioneke lofanana. Ndinasindikiza, ndinamanga ndi sitepulala, ndipo poti kompyuta inali itadzaza ndi zithunzi za ukwati wa kasitomala wina, zithunzi za kabuku zija ndinazifufuta. Ntchito inali itatha, ndinkasungiranji?

Tsiku lobweza kabukuko ndinali ndisanasoke. Jumbo ya amalume ija ndinali nditaikamo zina n'kuitaya. Ndinaika masamba omasukawo mu envulopu ya khaki n'kupatsira mnyamata wa kwathu amene ankapita ku Mandimba. Kuchoka pa boma kupita kumudzi kwa amalume, cha kumalire ndi Ngauma, anakwera njinga yamoto, ndipo mvula inawapeza panjira. Envulopu inanyowa kumunsi. Masamba a kumapeto, a tinkhani ndi malangizo aja, anamatana, ndipo azakhali poyesa kuwalekanitsa padzuwa anangonyenyeka. Amalume sananditumizire mawu odandaula. Anangoti mwamwayi mphwanga anali atalemba kale zonse.

Ndinapita kukawaona nyengo ya zokolola. Madzulo anaitana mdzukulu wawo kuti awawerengere pa mapepala anga aja, ine ndili pomwepo pa mkeka, ndikudikira kuyamikiridwa. Mwanayo anawerenga bwino ndime zingapo, kenaka anafika pa mawu oti anamucha dzina, nawatchula monga momwe ndinawalembera, ch wofewa wa mu chakudya.

"Bwereza," anatero amalume.

Anabwereza chimodzimodzi.

"Mphwanga, munthu amacha ngati mango? Pamenepo mpoti anamutcha. M'kabukumo munali zilembo ziwiri, c ndi ch. Zapita kuti?"

Ndinasowa choyankha. Anandifotokozera modekha, ngati akuphunzitsa wa m'kalasi. M'kalembedwe kakale kaja, c yekha ndiye ankaimira liwu limene ku Malawi lero amalemba ch, pamene ch ankaimira liwu lotuluka ndi mpweya, limene lero amalemba tch. Kuca kunali kwa m'mawa kapena kwa zipatso, kucha kunali kupatsa dzina kapena kuika msampha. Nchito ndiye ntchito. Osindikiza aja sanali mbuli. Anamva mawu awiri osiyana n'kuwapatsa malembedwe awiri, ine n'kudzawaphatikiza madzulo amodzi. Amalume analowa m'nyumba n'kutenga Buku Lopatulika, lija linatuluka lathunthu mu 1922 pansi pa utsogoleri wa William Murray wa ku Nkhoma, n'kundionetsa mayina a mabuku ake, Macitidwe, Cibvumbulutso. Buku limeneli ndinakula ndikuliona, koma sindinaganizepo kuti c wakeyo ali ndi lamulo lake.

Atatero anafunsa za tizipewa. Ndinati masiku ano satilembanso. Anandiuza kuti ndiyang'ane pakamwa pawo. Ananena kuti wawa, moni uja wa ulemu, milomo itasongoka kutsogolo. Kenaka ananena kuti kuŵaŵa, ndipo milomo sinasongoke, inangoyandikana mopyapyala, ngati akufuna kunena b koma osatseka. Ananenanso maŵa, nthaŵi, aŵiri, kudziŵa. Amalume amalankhulanso Chiyao monga anthu ambiri a ku Mandimba ndi Ngauma, ndipo kumeneko liwu limeneli n'lamoyo ndithu, lili m'mawu a tsiku ndi tsiku monga ŵandu. Khutu lawo limamva kusiyana kumene langa linasiya kumva.

Kunena chilungamo, wowerenga sasochera chifukwa chosowa kachipewa. Amene walemba mawa aliyense amumva. Koma kabuku kaja kanasunga mmene anthu a nthawi ya agogo ankatchulira mawu, mawu ati anali ndi liwu limeneli, ati analibe, ndipo zimenezo sungazipeze m'nyuzipepala ya lero. Zimene anandituma zinali kukopera. Kusankhira anthu zoyenera kutsala ndi zoyenera kutayika sanandiuze.

Usiku womwewo ndinawauza zonse, za lezala, za madontho, za zithunzi zimene ndinafufuta, za jumbo yawo. Anakhala chete nthawi yaitali. Kenaka anati, "Ndiye kuti masamba anapita aja, amene tatsala nawo ndi akowa?" Ndinati inde. Sanakalipe, ndipo zikanandipepukira akanakalipa. Anangoti m'mawa nditenge masamba otsalawo ndikayambirenso.

Chimene chinandiwawa kwambiri ndinachipeza nditabwerera ku Cuamba. Mphunzitsi wina amene amabwera kudzachita fotokope anali ndi buku la ana a pulayimale la maphunziro a zinenero ziwiri, amene boma la Mozambique linayamba kuwalowetsa m'sukulu mu 2003. Pachikuto panalembedwa Cinyanja, ndi c. Akatswiri a zinenero a ku NELIMO, pa Universidade Eduardo Mondlane ku Maputo, anachititsa misonkhano yokonza kalembedwe ka zinenero za dziko lino mu 1988, mu 1999 ndi mu 2008, ndipo m'kalembedwe kameneko liwu lija limalembedwa c. Ku Zambia nakonso amalemba c. Ndiye kuti kabuku ka agogo kanali kale pafupi ndi zimene ana a kuno amaphunzira, ine n'kukachotsa pamenepo kupita nako ku kalembedwe ka dziko lina. Ndipo kuno ch ali ndi vuto lakelake. Mwana wophunzira Chipwitikizi akaona ch amatchula sh, monga momwe amatchulira dzina la Lichinga. Akaona c patsogolo pa u amatchula k, monga pa chikwangwani cha Cuamba pa siteshonipa. Ny wathu Apwitikizi ankamulemba nh, n'chifukwa chake dzina la boma loyandikana ndi lathu limalembedwa Mecanhelas. Tauni ino anthu amawerenga zilembo zomwezomwezo m'njira zingapo tsiku lililonse, ndipo ine wotayipa ndinayenera kukhala woyamba kuchenjera nazo.

Ulendo wachiwiri sindinayambe ndi kompyuta. Ndinabwereka galasi lokuzira zinthu kwa mnzanga wokonza mawotchi pamsika, ndinagula kope, ndipo chilembo chilichonse chokhala ndi kanthu pamwamba kapena chooneka mwachilendo ndinkachilemba m'kopemo, tsamba lake, mzere wake, ndi mawu amene chilimo. Tsamba lililonse ndinalijambula ndi foni pa kuwala kwa pakhomo, osachotsa dontho ngakhale limodzi, n'kusunga zithunzizo pa fulashi ndiponso pa intaneti.

Mndandanda uja utatalika unayamba kundiphunzitsa wokha. Litsiro limagwa paliponse, pa a, pa m, pakati pa mizere. Kachipewa kenikeni kankapezeka pa w yekha, ndipo w wakeyo nthawi zonse ankatsatidwa ndi a, e kapena i, osati o kapena u. Kachipewa kenikeni kalinso ndi inki yakuda yofanana ndi ya chilembo chake, ndipo ukayang'ana kuseri kwa pepala umaona pamene chitsulo chinadinda. Dontho la dzimbiri ndi lofiirira ndipo silidinda.

Panali w wina wokhala ndi kamzere kamodzi kopendekera kumanja m'malo mwa kachipewa. Mtima unagunda, ndinaganiza kuti ndapeza chilembo chachitatu, liwu lina limene linatayika. Chilembo chotero chilipodi pa makompyuta, ẃ, ndipo ndinatsala pang'ono kuchilemba. Koma nditaika zithunzi zake zonse pamodzi, ndinaona kuti paliponse pamene chikupezeka, mwendo wake wakumanzere uli ndi kachibowo pamalo amodzimodzi. Chinali chitsulo chimodzi chomwecho, chothyoka mbali imodzi ya kachipewa, chimene wosindikiza ankachibweza m'bokosi akamaliza tsamba n'kudzachitolanso pa tsamba lina. Ndipo mawu amene chinalimo anali omwe aja, nthaŵi, maŵa. Pamenepo ndinalemba ŵ, n'kulemba m'kope kuti papepala n'chothyoka.

Zilembo zopendekera zija, zimene ndinaziwongola ulendo woyamba, ndizo zinandigwira mtima. Sanali mawu athunthu opendekera ayi, anali w yekha wopendekera pakati pa mawu owongoka. Ankapezeka chakumunsi kwa masamba amene ali ndi ŵ wambiri. Pamwamba pa tsamba nthaŵi ili ndi kachipewa, pamunsi nthawi yomweyo ili ndi w wopendekera. Mabuku a nthawi imeneyo ankawasanja ndi manja. Wosanja ankaima patsogolo pa bokosi la timagawo, gawo lililonse lili ndi tizitsulo ta chilembo chimodzi, n'kumatola kamodzikamodzi, kusanja chagada, mzere ndi mzere. Tizitsuloto tinkachokera kutsidya kwa nyanja, ndipo ta ŵ sitinali tambiri ngati ta a kapena n. Mmene ndikuonera, tikamuthera tsamba lisanathe, munthuyo ankatapa m'bokosi la zilembo zopendekera kuti wowerenga adziwebe kuti w uyu si wamba. Akanatha kungoika w wowongoka, palibe akanamufunsa. Sanafune kunamiza wowerenga, ngakhale zipangizo zinamuchepera. Ine ndinali ndi makina okhoza kulemba chilembo chilichonse cha padziko lapansi, ndipo ndi ine amene ndinachitaya.

Pakuti chilembocho chinalimo m'kompyuta mwanga nthawi yonseyi. Pali mndandanda wa padziko lonse wotchedwa Unicode, umene unayamba kutuluka mu 1991, ndipo umapatsa chilembo chilichonse nambala yakeyake kuti kompyuta ya ku Cuamba ndi foni ya ku Lilongwe zizimvana. Nambala ya ŵ ndi U+0175, ya Ŵ wamkulu ndi U+0174. Anthu a ku Wales nawonso amalemba chilembo chimenechi m'chinenero chawo, choncho mitundu yambiri ya zilembo za pakompyuta ili nacho. Mu Word umangolemba 0175 n'kudina Alt pamodzi ndi X, chilembo chija n'kutulukira. Zimene zinandikanika tsiku lija zinali zimenezi basi.

Koma pali msampha wina umene ndinagweramonso pang'ono. Chilembo chomwechi chimathekanso kulembedwa m'zidutswa ziwiri, w wamba kenaka kachipewa koyenda pakokha, ka nambala U+0302, kamene kamakwera pa chilembo chimene chili kumbuyo kwake. M'maso ziwirizi n'zofanana. Koma mapulogalamu ena ukawauza kuti afufuze nthaŵi, amapeza yolembedwa m'njira imodzi n'kuisiya inayo. Ine ndinali nditasakaniza, poti mawu ena ndinawakopera pa intaneti. Ndinawerengera ŵ wa m'kope langa ndi wa m'kompyuta, manambala osagwirizana, ndipo ndinavutika ndisanadziwe chifukwa chake. Tsopano buku lonse ndi U+0175. Nkhodolero ya mu ng'ombe ndi pang'ono nayonso ili ndi mitundu yake, yowongoka ya pakiyibodi, U+0027, yokhota imene Word amaika yekha, U+2019, ndi ina imene inapangidwa kuti izitengedwa ngati chilembo cha m'kati mwa mawu, U+02BC. Mapulogalamu ena akaona ziwiri zoyambazo amadula mawu pakati, ng kwina, ombe kwina. Pamenepanso chofunika n'kusankha imodzi n'kulemba penapake kuti wasankha iti. Za w wopendekera, kupendekera ndi kavalidwe ka chilembo, si chilembo china, ndiye ndinalemba ŵ n'kusunga mndandanda wa malo onse amene papepala pali wopendekera. Posindikiza ndinayamba ndayesa tsamba limodzi, chifukwa mtundu wina wa zilembo umene ndimakonda pa makalata a ukwati unalibe ŵ, unkangoika kabokosi.

Panopa pali mafayilo awiri. Yoyamba ndi kabuku monga momwe kalili, c wake, ch wake, bv wa mu kubvala, yace m'malo mwa yake, mizere kuthera pamene inathera, ngakhale pamene wosanja anatembenuza n kukhala u ndasiya momwemo n'kulemba pambali. Yachiwiri ndi ya ana a m'kalasi, ndipo amalume ndi mphunzitsi uja ndiwo anasankha kalembedwe kake, osati ine. Anasankha c, ndipo tizipewa anati tikhale. Masamba otsala aja anawasokanso mkulu wina wosoka nsapato, ndi ulusi wopaka phula, ine nditaima pomwepo.

Masamba a kumapeto ndiwo alibe pogwira. Chimene chilipo ndi zotayipa zanga zoyamba zija, zopanda kachipewa, c ndi ch zitasakanikirana. Ndimapita kwa amalume, ndimawawerengera chiganizo, iwo n'kuchibwereza, ine ndikuyang'ana milomo yawo n'kumaika tizipewa ndi pensulo. Zambiri zimabwerera mosavuta, chifukwa mawu omwewo ali m'masamba otsala. Koma ndalemba pamwamba pa gawo limeneli kuti zilembo zake zachokera pakamwa pa amalume, sizinachokere papepala, kuti wina asadzazitenge ngati umboni wa zimene wosindikiza anadinda.

Pali malo amodzi amene atikanika tonse. M'kankhani kena ka anthu awiri olimbirana malire a munda muli mawu oti anachinga. Ngati papepala panali c, munthuyo anamanga mpanda kuteteza mbewu zake, ndipo kankhaniko kakumuyamikira. Ngati panali ch, anatchinga, anatsekera mnzake njira, ndipo kakumudzudzula. Ziganizo zoyandikana nazo zikulola zonse ziwiri. Amalume tsiku lina amati bambo awo ankawerenga mwakuti, tsiku lina amakayika. Ndalemba mawu onse awiri, lina pamwamba pa linzake.

Kabuku kameneka sikanasindikizidwe kamodzi kokha, ena ayenera kuti alipo m'matumba a anthu kapena m'nyumba zosungira mabuku. Popeza chikuto palibe, chozindikirira chathu ndi ŵ wothyoka uja ndi kachibowo ka pamwendo wake, chifukwa buku lina lililonse lotuluka pa makina omwewo m'zaka zimenezo likhoza kukhala naye. Ndatumiza zithunzi zake kwa msuweni wanga amene amakhala ku Zomba, kumene kuli National Archives ya dziko la Malawi, kuti akapemphe kuona timabuku ta m'kalasi ta mamishoni. Akapeza kofanana nako ndidzatseka shopu, ndidzadzera ku Entre Lagos ndi Nayuchi, ndikajambule ndekha masamba a kumapetowo.